Adatula mfuti n'kutola mabuku

Mwezi wa Novembala chaka chilichonse, pa chipilala chokumbukira asilikali chomwe chili pafupi ndi Cobbe Barracks mumzinda wa Zomba pamasonkhana anthu atavala duwa lofiira pachifuwa. Lipenga limalira, akuluakulu amaika nkhata zamaluwa, kenako kwa mphindi ziwiri aliyense amangoti zii, kukumbukira amene adatsala kunkhondo. Kutsogolo kumakhala nkhalamba zamamendulo, ndipo mwa izo, zomwe zidaona ndi maso nkhondo yachiwiri ya dziko lonse zatsala zowerengeka chabe.

Pankhondoyo, yomwe idayamba mu 1939 n'kutha mu 1945, anyamata oposa 20,000 a dziko lino, lomwe nthawiyo linkatchedwa Nyasaland, adavala yunifomu ya King's African Rifles. Adakamenya ku Somaliland, ku Ethiopia ndi ku Madagascar, ndipo ena adaoloka nyanja mpaka m'nkhalango za ku Burma. Kumeneko adani awo adali a ku Japan, omwewo amene asilikali a dziko la America ankalimbana nawo m'zilumba za Pacific. Mvula, malungo ndi zipolopolo sizinkasankha khungu. Kusiyana kudadza tsiku lobwerera kumudzi.

Msilikali wa ku America adakapeza lamulo likumudikira, lomulipirira sukulu mpaka ku yunivesite, kumupatsa ya chakudya mwezi ndi mwezi komanso kumuthandiza kupeza ngongole ya nyumba. Lamuloli limadziwika kuti GI Bill, poti GI ndi dzina lomwe a ku America amatchulira msilikali wawo. Papita zaka zoposa 80 chilikhazikitsireni, ndipo dzikolo likulipirirabe sukulu asilikali ake opuma. M'zaka zonsezi laphunzira, nthawi zina mowawa, kuti kulipira fizi ndi mbali yophweka. Chovuta ndi zomwe zimachitika msilikali uja akafika pachipata cha sukulu, kalata ya boma ili m'manja.

Adawathira utsi wokhetsa misozi

Lamuloli lidabadwa kaamba ka manyazi ndi mantha. Nkhondo yoyamba itatha mu 1918, msilikali wa ku America ankapatsidwa madola 60 ndi tikiti ya sitima yobwerera kwawo, basi. Mu 1924 nyumba ya malamulo idalonjeza ndalama ina yowathokoza, koma yodzalandira mu 1945. Chuma cha dzikolo chitagwa mu 1929, ntchito zidatha ndipo ambiri a iwo adayamba kugona ndi njala. Mu 1932 asilikali akale masauzande ambiri, ena ali ndi akazi awo ndi ana, adakhamukira kulikulu ku Washington n'kumanga zisakasa zamalata ndi makatoni, kupempha kuti ndalama ija ibwere msanga. Njala siidikira zaka 13.

Boma la a Herbert Hoover lidayankha ndi chibakera. Pa 28 Julayi chaka chomwecho, asilikali otsogozedwa ndi a Douglas MacArthur adabwera ndi akavalo, akasinja ndi utsi wokhetsa misozi, n'kubalalitsa akuluakulu awo omwe adamenyera dzikolo zaka 14 m'mbuyomo. Zisakasa zija zidatenthedwa. Zithunzi zidatuluka m'nyuzipepala, ndipo patangotha miyezi yochepa a Hoover adagwa pachisankho, mpando n'kupita kwa a Franklin Roosevelt.

N'chifukwa chake nkhondo yachiwiri ili mkati, atsogoleri adayamba kukanda mitu. Amuna ndi akazi 16 miliyoni omwe adavala yunifomu akadzabwera onse pakamodzi kudzafuna ntchito, adzaikidwa kuti? Bungwe la asilikali akale la American Legion ndilo lidanyamula nkhaniyi. Yemwe adalitsogolerapo kale, loya wa ku Kansas, a Harry Colmery, adakhala m'chipinda pa hotela ya Mayflower ku Washington n'kulemba pamanja mfundo zoyamba za lamuloli pamapepala a hotelayo. Kunyumba ya malamulo lidatsala pang'ono kufera m'komiti mavoti atafanana, mpaka anthu adachita kukamutenga usiku phungu wina, a John Gibson, kwawo ku Georgia, pagalimoto kenako pandege, kuti adzaponye voti yomwe idalipulumutsa. A Roosevelt adalisainira pa 22 Juni 1944.

Zomwe lamuloli linkanena zidali zosavuta kumva. Aliyense yemwe adagwira usilikali masiku osachepera 90 ndipo sadachotsedwe chifukwa cha mlandu, boma limulipirira fizi mpaka madola 500 pachaka, ndalama yomwe nthawi imeneyo inkakwana ngakhale ku Harvard. Pamwamba pake, wosakwatira ankalandira madola 50 pamwezi, pomwe wapabanja ankalandira 75. Nthawi yophunzira inkatengera kutalika kwa nthawi yomwe munthu adakhala kuusilikali, mpaka miyezi 48. Sukulu ankasankha yekha, kaya yunivesite, kaya ya zaumisiri, kaya ya ulimi.

Nanga omwe adalowa usilikali asadamalize sekondale, omwe adali ambiri? Awa adawakonzeratu njira. Mu 1942 kudakhazikitsidwa mayeso a GED, oti munthu wopanda satifiketi aonetse kuti zomwe akudziwa n'zofanana ndi za amene adamaliza sekondale. Popanda kakhomo kakang'ono kameneka, khomo lalikulu la yunivesite likadakhala chitsekere kwa anthu ochuluka.

Eni sukulu sadawafune

Wina angaganize kuti mayunivesite adavina ndi chimwemwe atamva kuti boma likubweretsa ophunzira olipiriridwa kale. Ayi ndithu. Mkulu wa University of Chicago, a Robert Hutchins, adachenjeza kuti sukulu zisanduka misasa ya anthu osowa chochita, obwera kudzabisala ku ulova. Mnzawo wa ku Harvard, a James Conant, adadandaula kuti lamuloli silikusiyanitsa amene angathe maphunziro apamwamba ndi amene sangathe. Kwa akuluakuluwa, yunivesite idali ya ana a anthu ena ake, osati ya mwana wa mlimi kapena wa wogwira ntchito m'fakitale.

Asilikali aja adabwera ngati dzombe. Mu 1947, mwa ophunzira 100 alionse a m'makoleji a ku America, 49 adali ochokera kunkhondo. Pomwe ndondomeko yoyambayi inkatha mu 1956, anthu 7.8 miliyoni adali ataphunzira kudzera m'lamuloli, ndipo 2.2 miliyoni mwa iwo adapita kukoleji kapena ku yunivesite.

Vuto loyamba lidali pogona. Zipinda za ophunzira zidamangidwira anyamata osakwatira a zaka 18, koma tsopano kudabwera bambo wa zaka 27, mkazi wake ndi khanda kumsana. Sukulu zidathamangira kukatenga nyumba zamalata za asilikali, zija zokhota ngati mgolo woduka pakati, n'kuzindandalika m'mabwalo a masewero. University of Wisconsin idagoneka mabanja ena m'nyumba za ogwira ntchito pa fakitale ya onga, pamalo otchedwa Badger Village, mtunda woposa makilomita 50 kuchokera kusukuluko, ndipo abambo ankalawirira pabasi m'bandakucha. Kwa nthawi yoyamba, m'mayunivesite otchuka mudayamba kuoneka matewera atayanikidwa pazingwe.

Chomwe chidadabwitsa aphunzitsi chidali khama la anthuwa. Sankajomba, ankafunsa mafunso, ndipo za maphwando ndi miyambo yozunza ophunzira atsopano sankazilabadira. Munthu yemwe wataya zaka zinayi m'maenje amatope, ndipo ali ndi mwana woti amudyetse, sasewera ndi nthawi. Ophunzira achichepere adafika podandaula kuti akuluwa akukweza malikisi mwakuti anzawo akuoneka ngati aulesi. A Conant omwe aja adadzavomera pambuyo pake kuti awa adali ophunzira okhwima maganizo koposa omwe Harvard idalandirapo.

Mwa omwe adaphunzira ndi ndalamayi mudatuluka a George Bush aakulu, omwe adamaliza ku Yale mu 1948 n'kudzakhala mtsogoleri wa dzikolo, ndi a Henry Kissinger omwe adapita ku Harvard. Mudatulukanso mnyamata wina wa ku Harlem yemwe adali msilikali wapamadzi ndipo sadamalize sekondale. Iye adalipira maphunziro a zisudzo ku New York ndi GI Bill. Dzina lake Harry Belafonte, woimba uja adadzagwira dzanja Miriam Makeba atangofika ku America.

Matabwa pamasitepe

Koma padali gulu lina lomwe kalata ya boma sinkalithandiza kanthu, la omwe adabwera kunkhondo atathyoka msana. Pankhondo yoyamba, ambiri ovulala chonchi ankamwalira pasanathe nthawi, koma pofika m'ma 1940 mankhwala monga penicillin adayamba kuwapulumutsa. Adabwera amoyo, ali panjinga za olumala, fizi yawo ilipo, koma khomo lililonse la kalasi lili pamwamba pa masitepe.

University of Illinois idali itatsegula nthambi ku Galesburg, m'nyumba zomwe kale zidali chipatala cha asilikali, kotero njinga zinkatha kuyendamo. Mu 1948 sukuluyi idapatsa ntchito mnyamata wa zaka za m'ma 20, a Timothy Nugent, yemwenso adali msilikali wakale, kuti ayambitse ndondomeko ya ophunzira olumala. Sipadatenge nthawi, mu 1949 kudamveka kuti nthambiyo itsekedwa, ndipo palibe sukulu ina yomwe inkaonetsa chidwi chowalandira.

Ophunzirawo sadalire. Adakwera magalimoto ulendo wa ku Springfield, likulu la chigawo chawo, kukadandaula, kenako adalunjika kusukulu yaikulu ku Urbana-Champaign. Atafika adayala matabwa pamasitepe n'kuyamba kulowa ndi kutuluka m'nyumbazo ndi njinga zawo, kuti akuluakulu aone okha kuti cholepheretsa si miyendo ayi koma kamangidwe. Sukuluyo idalola monyinyirika, ati mongoyesa.

Kuyesa kumeneko ndiko kudabala zinthu zomwe lero zimaoneka ngati zachikhalire: njira zotsetsereka zolowera m'nyumba, malo odulidwa m'mphepete mwa msewu oti njinga ikwerepo, ndi mabasi onyamula munthu ali panjinga yake. Kafukufuku wa a Nugent ndiye adakhala maziko a malamulo oyamba a kamangidwe koganizira olumala omwe America idatulutsa mu 1961. Mu 1949 iwo adayambitsanso bungwe la mpira wamanja woponya m'nkhata wa anthu apanjinga. Mayi aliyense yemwe lero amakankha njinga ya mwana wake panjira yotsetsereka kuchipatala ali ndi ngongole kwa asilikali amakani aja, ngakhale sadawamvepo.

Lamulo limodzi, makomo awiri

Anthu akuda oposa 1 miliyoni a ku America adavala nawo yunifomu pankhondoyi. M'lamulo la GI Bill mudalibe mawu alionse onena za khungu. Papepala, onse adali ofanana. Chinyengo chidali pa funso lakuti ayendetse ndani. Wapampando wa komiti yoona za asilikali akale, a John Rankin a ku Mississippi, adali munthu watsankho losabisa, ndipo adalimbikira kuti ntchito yogawa thandizoli ikhale m'manja mwa maofesi, mabanki ndi sukulu za m'madera. Kumwera kwa dzikolo, komwe anthu akuda ambiri ankakhala, izi zidatanthauza kuti mwini kiyi adali mzungu yemwe sankafuna kukhala pabenchi imodzi ndi munthu wakuda.

Mayunivesite a azungu kumeneko sankalandira akuda, zivute zitani. Makoleji a anthu akuda adali ochepa, aang'ono komanso osauka, ndipo adadzaza msanga mwakuti akatswiri a mbiri amati asilikali akale pafupifupi 20,000 adabwezedwa chifukwa chosowa malo. Ena akapita kwa alangizi a boma kukanena kuti akufuna digiri, ankauzidwa kuti ayese kaye zaumisiri. Kungongole za nyumba ndiye kudali koipa zedi. Kafukufuku wa magazini ya Ebony m'mizinda 13 ya ku Mississippi mu 1947 adapeza kuti pa ngongole 3,229 zomwe boma lidaikira kumbuyo asilikali akale, ziwiri zokha ndizo zidapita kwa anthu akuda.

A Medgar Evers adamenya nkhondo ku France. Atabwerera kwawo ku Mississippi adapeza malo pa koleji ya anthu akuda ya Alcorn, komwe adamaliza mu 1952. Atafuna kuphunzira zamalamulo pa University of Mississippi mu 1954, adakanidwa. Patapita zaka 8, msilikali wina wakale, a James Meredith, yemwe adagwira zaka 9 ku gulu lankhondo lamumlengalenga, adalowa pasukulu yomweyo khothi litagamula, ndipo a Evers adali m'gulu la omwe adamuthandiza. Usiku wa pa 30 Sepitembala 1962 kudabuka ziwawa zomwe zidapha anthu awiri, mpaka pulezidenti John Kennedy adatumiza asilikali masauzande kuti munthu mmodzi akalembetse sukulu. A Meredith adalandira digiri yawo mu Ogasiti 1963. A Evers sadaione, poti adaomberedwa pakhomo pa nyumba yawo pa 12 Juni chaka chomwecho.

Si kuti akuda onse adabwera manja lendelende. Omwe ankakhala kumpoto adapindula ndithu, ndipo makoleji a anthu akuda adakula. Koma akatswiri a zachuma Sarah Turner ndi John Bound atafufuza nkhaniyi zaka zoposa 50 pambuyo pake, adapeza kuti kwa amuna akuda obadwira kumwera, lamuloli silidasinthe kwenikweni mwayi wawo wofika kukoleji. Mzungu adakwera, wakuda adatsala pomwe adali, ndipo mpata pakati pawo udakula ndi ndalama ya boma lomwe onse adalimenyera nkhondo.

A ku Iraq ndi Afghanistan

Nkhondo za ku Korea ndi Vietnam zidali ndi malamulo akeake, koma ndalama zake zinkachepa poyerekeza ndi kukwera kwa fizi. Kusintha kwakukulu kudabwera mu 2008, phungu Jim Webb, yemwe adamenyapo nkhondo ku Vietnam, atakankha lamulo latsopano la omwe adagwira usilikali chichitikireni chiwembu cha pa 11 Sepitembala 2001. A George Bush aang'ono adalisainira pa 30 Juni 2008 ndipo lidayamba kugwira ntchito mu Ogasiti 2009. Yemwe wagwira zaka zitatu amalipiriridwa fizi yonse pa yunivesite ya boma ya m'chigawo chake kwa miyezi 36, amalandira ndalama ya lendi mwezi uliwonse ndiponso ya mabuku mpaka madola 1,000 pachaka. Yemwe wakhalitsa kuusilikali atha kupatsira mwayiwu mkazi wake, mwamuna wake kapena ana ake.

Kholo lililonse lomwe lidadikirapo ngongole ya mwana wake wa kukoleji lingamvetse zomwe zidatsatira. Chaka choyambacho mafomu adaunjikana kuofesi yoona za asilikali akale, ndalama zidachedwa, eni nyumba n'kuyamba kugogoda. Mu Okutobala 2009 boma lidachita kupereka macheke apangozi ofika mpaka madola 3,000 kuti anthu asatulutsidwe m'nyumba. Mu 2018 zidachitikanso, ulendo uno chifukwa cha makompyuta akale omwe adalephera kuwerengera ndalama ya lendi. Mnyamata wa zaka 19 ndalama ikachedwa amaimbira foni makolo. Bambo wa ana awiri aimbira ndani?

Ndipo pomwe pali nyama, afisi sasowa. Ku America kuli makoleji oyendetsedwa ngati bizinesi, ofuna phindu. Lamulo linkati sukulu zotere zisapeze madola oposa 90 pa 100 alionse kuchokera ku thandizo la boma la ophunzira. Koma ndalama ya GI Bill, ngakhale idali ya boma, sinkawerengedwa m'gulu limenelo. Choncho dola imodzi ya msilikali inkatsegulira sukulu mwayi wolandira madola ena 9 kuboma. Msilikali wopuma adasanduka nyama yosakidwa, mafoni osatha, malonjezo a ntchito zapamwamba. Posainira lamulo loletsa mchitidwewu ku Fort Stewart mu Epulo 2012, a Barack Obama adatchula nkhani ya wolemba ophunzira wina yemwe adalowa pamalo a asilikali ovulala ubongo ku Camp Lejeune n'kuwalembetsa sukulu, ena a iwo osakumbukira n'komwe maphunziro omwe adalembetsawo.

Makoleji a Corinthian adagwa mu 2015, a ITT Tech adatseka mwadzidzidzi mu Sepitembala 2016. Asilikali akale masauzande adatsala padzuwa, miyezi yawo yolipiriridwa itadyeka, digiri palibe, ndipo sukulu zina zinkakana kuvomereza zomwe adaphunzira kumeneko. Lamulo la mu 2017, lomwe lidapatsidwa dzina la a Colmery aja a ku hotela ya Mayflower, lidabwezera ena mwa iwo miyezi yawo, lidachotsanso malire a zaka 15 kwa omwe adapuma kuyambira mu 2013, kuti munthu aphunzire nthawi yomwe wakonzeka. Mpata uja wa madola 90 udatsekedwa ndi lamulo la mu 2021.

M'kalasi momwemo

Ndalama ikafika, sukulu ikakhala yeniyeni, pamatsala chinthu chomwe lamulo silingathe kulemba. Malinga ndi ofesi yoona za asilikali akale m'dzikolo, mwa ophunzira 100 ochokera kuusilikali, 15 okha ndiwo ali ndi zaka zapakati pa 18 ndi 23. Pafupifupi theka ali pabanja kapena ali ndi ana, ndipo ambiri ndi oyamba m'banja mwawo kuponda pakoleji. Munthu yemwe dzana ankalamula anyamata 30 m'chipululu amapezeka wakhala pambali pa mtsikana yemwe vuto lake lalikulu ndi batire ya foni. Kuusilikali adazolowera kuuzidwa nthawi yodzuka, chovala ndi kopita. Ku yunivesite palibe amene amakufunsa ukajomba.

Ena amabwera ndi mabala osaoneka. Kulira kwa m'makutu, kobwera ndi phokoso la mfuti ndi mabomba, ndilo vuto lomwe asilikali akale ambiri a ku America amalandirira chipukutamisozi, ndipo munthu wotere amavutika kumva mphunzitsi m'holo yaikulu. Ena ali ndi matenda a maganizo obwera chifukwa cha zoopsa zomwe adaona, omwe madokotala amawatcha PTSD: kusowa tulo, kudzidzimuka chitseko chikamenyeka, kufuna kukhala kumbuyo komwe angaone khomo. Si onse ali choncho, ndipo ambiri amadana n'kuonedwa ngati odwala. Koma pafupifupi onse amadziwa funso lija lomwe mnzawo wa m'kalasi amaponya mosaganiza, lakuti kodi kunkhondoko adaphako munthu. Ambiri akafunsidwa kamodzi amaleka kunena kuti adali asilikali.

Zomwe zathandiza n'zazing'ono, zina zosalira ndalama zambiri. Mu 2008 ophunzira ochokera kunkhondo adayambitsa bungwe lawo la Student Veterans of America, lomwe lidafalikira m'sukulu mazanamazana. Mayunivesite ambiri adapatula chipinda chimodzi, chokhala ndi mipando, khofi ndi kalaliki wodziwa mafomu a boma, momwe msilikali wakale angakhale pakati pa anzake osafunika kufotokoza chilichonse. Yemwe ali m'chaka chachitatu amagwira dzanja wachaka choyamba, monga ankachitira kunkhondo. Ku Virginia Commonwealth University, mu 2010 adayamba kuphunzitsa aphunzitsi ndi ogwira ntchito za moyo wa msilikali, ndipo womaliza maphunzirowo amamata chizindikiro cha Green Zone pachitseko cha ofesi yake kuti wophunzira adziwe pogogoda. Ku Yale, mu 2012 kudayamba maphunziro a masabata ochepa otchedwa Warrior-Scholar Project, okumbutsa munthu yemwe adasiya sukulu zaka 10 zapitazo kawerengedwe ndi kalembedwe ka ku yunivesite asadalowe m'kalasi.

Palinso nkhani yolemekeza zomwe munthu akudziwa kale. Yemwe wakhala zaka 6 akumanga mabala kunkhondo, kapena kukonza injini za ndege, n'kulakwa kumuyambitsa limodzi ndi mwana wongochoka kusekondale. Bungwe la American Council on Education lakhala likuunika maphunziro a kuusilikali kuyambira m'ma 1940 n'kulangiza sukulu kuti awa ndi ofanana ndi phunziro lakutilakuti. Koma kuvomera kapena kukana kuli ndi sukulu, ndipo sukulu ikakana, miyezi 36 ija imathera kubwereza zinthu zomwe munthu akuzidziwa.

Zipatso zake zidaoneka mu lipoti lomwe bungwe la ophunzira lija lidatulutsa mu 2017, litaunika mbiri ya anthu oposa 800,000 omwe adagwiritsa ntchito lamulo la mu 2008. Pafupifupi 72 mwa 100 alionse adali atamaliza maphunziro awo kapena akupitirizabe. A Hutchins akadakhala moyo akadachitanso manyazi kachiwiri.

Nanga aja a ku Burma?

Anyamata a King's African Rifles adayamba kubwerera kumudzi nkhondo itatha, ambiri mu 1946. Sadabwere monga adapitira. Kunkhondoko ena adaphunzira kuwerenga ndi kulemba m'makalasi a asilikali, ena kuyendetsa malole, kutumiza mauthenga pawailesi ndi kuthandiza madokotala. Adaona Nairobi, Colombo ndi madoko a ku India. Adali anthu omwe, akadakhala ku Wisconsin, bwenzi akulawirira basi ya ku Badger Village.

Chomwe adalandira ndi ndalama yowathokoza, ndipo nayonso idali ndi khungu. Zikalata za boma la Britain zomwe atolankhani adaulula mu 2019 zidaonetsa kuti m'magulu ankhondo a kuno kum'mawa kwa Africa, msilikali wamba wachizungu ankawerengeredwa mashileni 10 pa mwezi uliwonse womwe adagwira ntchito, pomwe wakuda waudindo womwewo ankawerengeredwa mashileni atatu ndi theka. Lamulo lofanana ndi GI Bill padalibe.

Ngakhale likadakhalapo, akadapita nalo kuti? Nyasaland yonse idali ndi sekondale ziwiri, ya Blantyre yomwe idatsegulidwa mu 1940 ndi ya Zomba Catholic ya mu 1942. Ya boma ya Dedza idabwera mu 1951. Wofuna maphunziro apamwamba ankayenera kupita ku Makerere ku Uganda, ku Fort Hare ku South Africa kapena kutsidya kwa nyanja, ndipo opita kumeneko ankawerengeka ndi zala. University of Malawi idalandira ophunzira ake oyamba ku Chichiri mu 1965. Mnyamata yemwe adakwera sitima ya ku Burma ali ndi zaka 20, chaka chimenecho adali atakwanitsa zaka 40, ndipo ana ake ndiwo ankafuna fizi.